Zilembo zitatu pa botolo: mbiri ya malonda a matambula ndi mabotolo akale a vinyo

Pa 5 Disembala 1985, pa okushoni ina mumzinda wa London, botolo limodzi la vinyo linagulidwa pa mtengo wa mapaundi 105,000. Kufikira tsiku limenelo, panalibe botolo la vinyo lomwe linafikapo pa mtengo wotere padziko lonse. Linali la galasi lobiriwira moderako, kukamwa kwake komata ndi phula lakuda, lopanda chipepala chilichonse pamimba. Chomwe linali nacho ndi zozokota zochepa pagalasipo: chaka cha 1787, dzina la munda wa mpesa wa Lafite lolembedwa kuti "Lafitte", ndi zilembo zitatu, Th.J. Wogulitsa ankati zilembozo zikuimira Thomas Jefferson, pulezidenti wachitatu wa dziko la America.

Papita zaka zambiri tsopano, koma amalonda a zinthu zakale akulalikabe uthenga womwewo, woti chakale sichinama, ndipo tambula kapena botolo la zaka 200 ndi chuma chosagwa mtengo. Ine mawu amenewa ndimawakayikira. Mukaitsata bwino mbiri ya malondawa, mupeza kuti ndalama zambiri zimalondola nkhani yomwe yamatidwa pa chinthucho, ndipo kupeka nkhani n'kosavuta kusiyana ndi kuumba galasi.

Okushoni yake ndi yofanana ndi ya fodya yomwe timaidziwa ku Kanengo ndi ku Limbe: katundu amaikidwa poyera, ogula n'kumapikisana mtengo mpaka mmodzi atatsala. Kusiyana kwake n'kwakuti wogula fodya amagwira tsamba, kulinunkhiza, n'kudziwa giredi yake pomwepo, pamene wogula botolo lakale sangalitsegule, popeza kulitsegula ndiko kutaya ndalama zake zonse. Iye amagula ndi makutu.

Kuchokera ku Venice kufika ku London

Luso louzira galasi lotentha ndi mpweya wa m'kamwa kudzera mu paipi linayambira kudera la Syria ndi Palestine patatsala zaka zosakwana 100 kuti Yesu abadwe, ndipo Aroma ndiwo analifalitsa. Mu 1291 akuluakulu a mzinda wa Venice analamula kuti ng'anjo za galasi zisamukire pa chilumba cha Murano poopa ngozi ya moto. Kumeneko, cha m'ma 1450, amisiri anapeza njira yopangira galasi loyera, loonekera mkati. Matambula a ku Venice anali okongola koma opyapyala ndi osachedwa kusweka. M'zaka za m'ma 1570 mmisiri wina wa kumeneko, Giacomo Verzelini, analandira chilolezo cha Mfumukazi Elizabeth I chopangira magalasi otere ku London. Matambula ake otsala lero ndi ongowerengeka pa zala, ndipo ambiri ali m'nyumba zosungiramo zinthu zakale.

Malasha, mtovu ndi msonkho

Mu 1615 Mfumu James I inaletsa kusonkhezera ng'anjo za galasi ndi nkhuni, chifukwa mitengo inkafunika popanga zombo zankhondo. Amisiri anatembenukira ku malasha. Moto wa malasha ndi waukali, ndipo unabala botolo lochindikala, lakuda, lolimba, lotha kusunga vinyo nthawi yaitali. Anthu olemera ndi eni malo omwera ankaitanitsa mabotolo awoawo. Botolo lisanazizire, mmisiri ankadonthezera kachibulumwa ka galasi lotentha paphewa pake n'kudindapo chidindo chokhala ndi zilembo za mwini wake, nthawi zina ndi chaka. Limodzi mwa mabotolo akale kwambiri okhala ndi chaka ndi la 1657. Samuel Pepys, mkulu wina wa boma yemwe ankalemba zochitika za tsiku ndi tsiku, anafotokoza mu 1663 kuti anapita kukaona mabotolo ake atsopano a chidindo chake akuthiridwa vinyo.

Chidindo chotere chimalowa galasi likadali lofewa, choncho chimabadwa limodzi ndi botolo. Zozokota ndi nkhani ina. Zimalembedwa pa galasi lozizira, ndipo galasi lozizira silinena ngati linazokotedwa sabata yomwe linapangidwa kapena patapita zaka 200. Mavuto ambiri a malondawa anabadwira pa kusiyana kumeneku.

Mu 1674 wamalonda wina wa ku London, George Ravenscroft, analandira chilolezo chopanga galasi la mtundu watsopano. Loyambalo linkachita timing'alu tambirimbiri n'kuyamba kuoneka mwachifunga. Atawonjezera mtovu m'zosakaniza zake, vutolo linachepa, ndipo cha m'ma 1676 anayamba kudinda chizindikiro cha mutu wa khwangwala pa zopanga zake. Galasi la mtovu ndi lolemera, lowala, ndipo ukaligogoda ndi chala limalira kwa kanthawi. Matambula a zaka zotsatira anali a miyendo yonenepa yokhala ndi mfundo, ena ali ndi kathovu ka mpweya kotsekeredwa mkati mwa mwendo.

Mu 1745 boma la Britain linaika msonkho pa galasi, wowerengera kulemera kwa zipangizo. Odziwa mbiriyi ambiri amati msonkhowu unathandiza kuti matambula apepuke ndipo kukongola kwake kuchokere ku luso m'malo mwa kulemera. Kunabwera miyendo yokhala ndi timizere ta mpweya topotana mkati, kenako ya timizere toyera ngati mkaka, kenako yosemedwa m'mbali kuti izinyezimira pa kuwala kwa kandulo. Msonkhowo unakhalapo mpaka 1845.

Tambula ya m'ma 1750 ukaigwira, choyamba kudabwa nacho ndi kuchepa kwake. Mutu wake umangolowa vinyo wa makamwa awiri kapena atatu. Ofufuza a ku yunivesite ya Cambridge anapeza mu 2017 kuti tambula ya vinyo ku England inkalowa mamililita 66 cha m'ma 1700, pamene ya nthawi ya kafukufukuyo inkalowa 449. Phazi la tambula yakaleyo ndi lotambalala kuposa mlomo, lotukuka pang'ono pakati kuti chipsera cha kunsi chisakande tebulo. Chipseracho, chokhakhala ukachikhudza, ndi pamene mmisiri anathyola ndodo yachitsulo yomwe ankagwirira tambulayo poiumba. Galasilo lili ndi kamtundu kotuwira, timathovu apa ndi apo, ndipo m'mphepete mwa phazi muli timikwingwirima tosalongosoka ta zaka zambiri zokhuzana ndi matabwa. Izi ndi zinthu zomwe maso ndi zala zingatsimikize popanda kufunsa munthu.

Pambali pa matambula panabweranso ziwiya zina zomwe lero zimagulitsidwa pa okushoni. Kuyambira m'ma 1730 kunali timapale tasiliva tolembedwa dzina la vinyo, tokoleka ndi katcheni m'khosi mwa botolo, popeza zipepala zomata zinali zisanafale. Mu 1795 mbusa wina wa ku Oxford, Samuel Henshall, analembetsa kuboma chotsegulira mabotolo chopota chokhala ndi kambale kamene kamagwedeza chotsekera kuti chizuke mosavuta, ndipo chinkapangidwa ku fakitale ya Matthew Boulton ku Birmingham.

Matambula a mfumu yothawa

Mu 1688 Mfumu James II inachotsedwa pampando n'kuthawira ku France. Oitsatira, otchedwa ma Jacobite, sanataye mtima. Mu 1745 mdzukulu wake, Charles Edward Stuart, anatsogolera nkhondo yofuna kubwezeretsa ufumuwo, koma anagonjetsedwa ku Culloden, ku Scotland, pa 16 Epulo 1746. Kunena poyera kuti uli mbali yake kunali kuika khosi pa mpeni. Choncho anthuwo ankalankhula ndi matambula. Pomwa vinyo mofunira mfumu zabwino, ankadutsitsa tambula pamwamba pa mbale ya madzi, kutanthauza mfumu ya kutsidya kwa nyanja. Pamatambulapo ankazokota duwa la rozi ndi mphukira zake, tsamba la mtengo wa oak, kapena nyenyezi. Osowa kwambiri ndi otchedwa Amen, olembedwa ndi nsonga ya dayamondi mawu a nyimbo ya gululo yothera ndi liwu limenelo. Odziwika kuti ndi enieni sakwana 40, ndipo imodzi ikaoneka pa okushoni imagulidwa pa mapaundi zikwi makumimakumi.

Kwa zaka zambiri matambulawa ankangokhala m'makabati a mabanja. Zinthu zinasintha Albert Hartshorne atatulutsa buku lake la Old English Glasses mu 1897. Anthu a ndalama anayamba kusonkhanitsa matambula akale, ndipo pofika m'ma 1920 mitengo ya okhala ndi zizindikiro za ndale inali itakwera kwambiri. Apa mpamene chinyengo chinapeza khomo. Matambula enieni a m'ma 1700 opanda chozokota anali ambiri ndi otchipa. Munthu waluso ankangogula imodzi, kuzokotapo duwa ndi mphukira, mtengo n'kuchulukitsidwa kangapo. Woyesa galasi ankapeza zonse zili m'malo: kulemera, chipsera, mtundu, kulira. Bodza linali pa duwa pokha.

Mu 1994 kafukufuku wina wofalitsidwa ku London anagwedeza osonkhanitsa. Anasonyeza kuti matambula angapo olemekeza Mfumu William III, yomwe inagonjetsa James II pa nkhondo ya ku mtsinje wa Boyne mu 1690, anazokotedwa mochedwa kwambiri ndi mmisiri wina wochokera ku Bohemia yemwe ankagwira ntchito ku Dublin kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 ndi kuchiyambi kwa m'ma 1900. Ena mwa matambulawo anali atalowa kale m'nyumba zosungiramo zinthu zakale ndi m'mabuku a akatswiri. Chikayiko chinafalikira mpaka ku matambula a ma Jacobite, ndipo ogula anayamba kufunsa mafunso omwe anayenera kufunsidwa kalekale.

Botolo la mu 1985

Nkhani ya botolo la Th.J. inali yokoma kumva. Wogulitsa, munthu wa ku Germany yemwe kale ankayendetsa magulu oimba, ankati mu 1985 anthu ogwetsa nyumba ina yakale ku Paris anapeza chipinda chapansi chotsekedwa ndi njerwa, muli mabotolo a vinyo a m'ma 1780. Iye anali wodziwika pakati pa okonda vinyo chifukwa cha maphwando ake a masiku angapo, komwe ankatsegulira alendo mabotolo osowa kwaulere. Akatswiri ambiri anali atamwapo vinyo wake n'kumuyamikira m'zolemba zawo.

Nkhaniyo inali ndi pokolowekera. Jefferson anakhaladi kazembe wa America ku France kuyambira 1785 mpaka 1789. Anayenderadi minda ya mpesa ya ku Bordeaux mu Meyi 1787, ndipo ankakondadi vinyo wa kumeneko mpaka kumaitanitsa atabwerera kwawo. Oyesa galasi atayang'ana botololo anati ndi la nthawi imeneyo, ndipo kalembedwe ka zilembozo n'kofanana ndi ka Afalansa a m'ma 1700. Koma wogulitsa sanaulule nyumba yomwe mabotolowo anapezeka, kapena chiwerengero chake chenicheni. Ogula anavomera kukhala osadziwa.

Kupikisana kwa mtengo sikunatenge mphindi ziwiri. Wopambana anali mwana wa mwini magazini ina yotchuka ya zamalonda ku America, yemwe ankagulira bambo ake kuti akaliike pa chionetsero ku New York. Kumeneko botololo linaimikidwa chilili pansi pa magetsi owala. Kutentha kunaumitsa chotsekera, chinafota, ndipo posakhalitsa chinagwera m'vinyomo.

Chomvetsa chisoni n'chakuti chenjezo linalipo kuyambira pachiyambi. Ku Monticello, kwawo kwa Jefferson m'chigawo cha Virginia, kuli ofufuza omwe amasunga makalata ndi mabuku ake a ndalama. Jefferson anali munthu wolemba chilichonse chomwe wagula. M'mwezi womwewo wa Disembala 1985, wofufuza wina wa kumeneko anafotokoza kukayika kwake: m'zolembazo simunapezeke paliponse pomwe Jefferson anagula Lafite wa 1787, ndipo iye pofupikitsa dzina lake ankaika madontho awiri pakati, Th:J, osati limodzi. Mawu amenewa anamveka, koma sanaimitse malonda. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Apa yankho linabwera ngakhale asanafunse, koma anthu analitseka makutu chifukwa nkhani ya chipinda cha njerwa inali yokoma kuposa buku la ndalama.

Mabotolo ena a gulu lomwelo anapitiriza kugulitsidwa. Mu 1988 mpondamatiki wina wa ku America anagula anayi pa ndalama pafupifupi madola 500,000. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990, wogula wina wa ku Germany anatumiza botolo lake kukayezetsa ku Munich, ndipo zotsatira zinasonyeza kuti munali vinyo wa m'ma 1960 kapena pambuyo pake. Wogulitsa anayankha kuti wina analiseweretsa botololo litachoka kale m'manja mwake. Nkhaniyo inazilala.

Inadzadzukanso mu 2005. Nyumba ina yosungiramo zinthu zaluso ku Boston inkakonza chionetsero cha katundu wa mpondamatiki wa mabotolo anayi uja, ndipo inafuna mapepala osonyeza komwe chinthu chilichonse chinachokera. Antchito ake atafunsa ku Monticello, anauzidwa kuti kumeneko sakhulupirira kuti mabotolowo anali a Jefferson. Mwini mabotolowo analemba ntchito gulu la ofufuza lotsogozedwa ndi wapolisi wopuma. Iwo anatengera mabotolowo kwa wasayansi wa ku France yemwe amayeza vinyo osatsegula botolo, m'chipinda cha pansi pa mapiri a Alps. Njira yake ndi yofufuza cesium-137, chinthu chomwe chinafalikira m'mlengalenga kuyambira pomwe mabomba a nyukiliya anayamba kuphulitsidwa mu 1945, ndipo chimapezeka m'vinyo wopangidwa pambuyo pake. M'mabotolowo sichinapezeke. Izi zinangosonyeza kuti vinyoyo ndi wakale kuposa 1945, zomwe sizikufika n'komwe kufupi ndi 1787.

Yankho linachokera ku zilembo zija. M'zaka za m'ma 1700 wozokota ankagwiritsa ntchito kagudumu ka mkuwa kozunguzidwa ndi phazi, iye n'kumayendetsa botolo pansi pake, ndipo mzere wotuluka pamenepo umanenepa ndi kuwonda malinga ndi dzanja. Akatswiri a galasi atayang'ana zilembo za Th.J. pa makina okuzira zinthu, anati zinalembedwa ndi chida chamagetsi chofanana ndi chomwe dokotala wa mano amagwiritsa ntchito. Mu 2006 nkhaniyo inalowa m'khoti ku New York. Wogulitsa anakana kukaonekera, ponena kuti khotilo lilibe mphamvu pa iye, ndipo mu 2010 chigamulo chinaperekedwa iye kulibe. Anamwalira mu 2018 akukanabe kuti sananamize munthu.

Chomwe chinalakwika

N'kosavuta kuloza chala munthu mmodzi, koma munthu mmodzi sanganamize msika wonse kwa zaka 20 ngati msikawo sukufuna kunamizidwa. Chifukwa choyamba chili m'kayendetsedwe ka okushoni komwe: woyendetsa malonda amadya gawo la mtengo, choncho mtengo ukakwera naye wakwera, ndipo funso lililonse lochepetsa mtengo limamudyera m'thumba. Chachiwiri ndi kuchepa kwa akatswiri. Anthu odziwa kukoma kwa vinyo wa zaka 200 ndi owerengeka, ndipo ambiri anaphunzira kukomako pa matebulo a ogulitsa omwewo. Munthu yemwe wakudyetsa kwa zaka zambiri n'kovuta kumutsutsa pagulu. Chachitatu ndi manyazi a ogula. Wolemera akazindikira kuti wapusitsidwa, nthawi zambiri amakhala chete kapena kubwezera katunduyo pamsika mwakachetechete, bodzalo n'kupeza mwini watsopano, ndipo dzina la mwini wakaleyo limasanduka umboni woti chinthucho n'chenicheni.

Kuti phunzirolo silinalowe msanga zinaoneka mu 2008, pamene mwini munda wina wa mpesa wa ku Burgundy anaulukira ku New York kukaimitsa kugulitsidwa kwa mabotolo a dzina la banja lake. Mabotolowo anali ndi zaka za pakati pa 1945 ndi 1971, chonsecho banjalo linayamba kupanga vinyo wa mtundu umenewo mu 1982. Yemwe anawabweretsa anamangidwa mu 2012 ku California, m'nyumba yodzaza ndi mabotolo opanda kanthu, zipepala zomata ndi zidindo, ndipo analamulidwa kukhala m'ndende zaka 10. Kuyambira nthawi imeneyo, pa maphwando ena a vinyo wodula amaswa kapena kulemba mabotolo akatha kumwa, kuti asakadzazidwenso.

Pali zomwe zasintha. Mu Okutobala 2018, botolo la Romanée-Conti la 1945, limodzi mwa mabotolo 600 okha omwe anapangidwa chaka chimenecho, linagulidwa ku New York pa madola 558,000. Linachokera mwachindunji m'chipinda chosungira vinyo cha banja lina lodziwika la amalonda a ku Burgundy, ndipo njira yomwe linayenda inali yodziwika kuyambira kumunda. Ogula analipira ulendo wodziwikawo. Chimodzimodzi ndi matambula: lero tambula ya ma Jacobite yokhala ndi makalata kapena ndandanda ya katundu wa banja yosonyeza kuti inalipo kusanabwere chipwirikiti cha osonkhanitsa imagulidwa mokwera kuposa inzake yofanana nayo yopanda mapepala.

Komabe zomwe zinawonongeka sizingabwezeretsedwe. Mpondamatiki wotaya madola 500,000 sagona ndi njala. Wotaya kwenikweni ndi aliyense wofuna kudziwa momwe anthu akale ankakhalira. Tambula iliyonse ya m'ma 1700 yomwe inazokotedwa mwachinyengo inali mboni yoona ya ntchito ya mmisiri wina wosadziwika dzina, yemwe anaima pa ng'anjo yotentha n'kupota mwendo wake ndi manja. Pofuna kuisandutsa chuma, anaisandutsa mboni yonama, ndipo zozokota sizifufutika. Choipa china n'chakuti matambula enieni a anthu omwe anaikadi moyo wawo pachiswe chifukwa cha mfumu yawo nawonso tsopano amayang'anidwa ndi diso lokayika.

N'chifukwa chake ndikuti ukale pawokha si chitsimikizo cha mtengo kapena cha choonadi. Tambula yeniyeni ya m'ma 1760 yopanda chozokota ingapezeke pa mapaundi mazana ochepa, ndipo zonse zomwe imanena za iyo yokha munthu angazitsimikize ndi maso ake. Chinthu chikangonyamula dzina la mfumu kapena la pulezidenti, udindo wobweretsa umboni uli kwa wogulitsa: chinapezeka m'nyumba iti, chinali m'manja mwa yani chaka chiti, ndipo zalembedwa pati. Oyendetsa okushoni ayenera kukana katundu yemwe mwini wake sakufuna kuyankha mafunso amenewa, ngakhale zitatanthauza kutaya gawo lawo, ndipo wofufuza wa m'nyumba ya mabuku akanena kuti zolemba sizikugwirizana ndi nkhaniyo, mawu ake azisindikizidwa m'kabuku ka malonda momwemo kuti wogula aliyense awaone asanakweze dzanja.